Sikimu Yopanda Mpata

Chaka chilichonse mu Januwale, ana asanatsegulire, ife aphunzitsi a Chingerezi tinkaitanidwa kusukulu kukakonza sikimu. Kwa amene simunagwirepo choko, sikimu ndi ndondomeko ya chaka chonse, mapepala ojambulidwa mizere onena kuti sabata yakuti mudzaphunzitsa chakuti, sabata yotsatira chakuti, mpaka kufika pa mayeso. Kumapeto kwa mzere uliwonse kunali kabokosi koti Lachisanu likafika uchongemo, kusonyeza kuti zimene unalonjezazo waphunzitsadi. Ndi chinthu chothandiza ndithu chikakhala m'manja mwa anthu oganiza. Ife mwayi umenewo tinalibe.

Sukulu yathu inali sekondale ya boma, cha kum'mawa kwa Lusaka, kufupi ndi Chelstone. Ine ndinkakhala ku Kabwata m'kanyumba ka chipinda chimodzi, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakwera mabasi awiri, akapezeka. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene usanatsegule pakamwa unkayamba wacheuka kaye kuti uone amene wakhala kumbuyo kwako.

Mkulu wa aphunzitsi a Chingerezi anali mwamuna wina wamfupi, wa kwathu komwe kum'mawa, amene boma linamutumiza ku Ingalande kukachita kosi ya miyezi yowerengeka. Anabwerako ndi ambulera yakuda, tayi wa mizeremizere, ndi matenda oiwala chilankhulo cha amayi ake. Ukamupatsa moni m'Chinyanja ankachita tsinya, kenako n'kukuyankha m'Chingerezi chotulukira m'mphuno. Ambulerayo ankayenda nayo ngakhale mu Ogasiti, kumwamba kuli mbee. Nyumba anamupatsa ku Woodlands, ana ake ankaphunzira kusukulu yolipira cha ku Kabulonga, ndipo ana a eni amene ife tinkaphunzitsa sankawadziwa ndi nkhope zomwe. Choko ankadana nacho chifukwa chinkamudetsera jekete. Chimene ankakonda ndi rula ndi zolembera zamitundumitundu, makamaka chofiira, chimene sichinkachoka m'thumba la malaya. Munthu ameneyo mukanamutsekera m'chipinda ndi mapepala oyera, akanajambula mizere mpaka imfa kumupeza.

Tsono panali chinthu chimene aliyense pasukulupo ankachidziwa koma sichinalembedwe paliponse. Msewu wopita kubwalo la ndege unkadutsa pafupi nafe, ndipo masiku amenewo alendo a boma sankatha. Mlendo akamabwera, kapena mtsogoleri wathu akamapita kunja, kapena akamabwerako, pankafunika anthu m'mbali mwa msewu oti aziimba ndi kugwedeza timbendera tapepala. Akuluakulu a chipani sankavutika n'kukasaka anthu m'makomboni. Ana a sukulu anali pafupi, anali ndi yunifolomu yooneka bwino pachithunzi, ndipo sakanakana. Galimoto ya chipani inkangoima pachipata m'mawa, munthu wa malaya achitenje n'kulowa muofesi ya ahedi, belu n'kulira. Makope m'madesiki, tonse kumsewu. Ndege ikachedwa tinkaima pomwepo mpaka dzuwa kupendeka, ana ena n'kumakomoka ndi njala, ife aphunzitsi tikuwakupiza ndi timbendera tomweto. Magalimoto akuda ankangodutsa vuu, mawindo otseka, ife n'kubwerera ndi fumbi m'mano.

Ndiye panalinso Okutobala, mwezi wa chikondwerero cha ufulu. Kuyambira mu Seputembala malole ankabwera pafupifupi tsiku lililonse kudzatenga ana kupita nawo kusitediyamu kukayeserera kuguba ndi kuvina. Teremu yachitatu inkangokhala dzina chabe.

Chaka chimene ndikunenachi anandipatsa Fomu 3. Kalasi imeneyi inali chipata. Kumapeto kwa chaka kunali mayeso a boma. Okhoza bwino ankapitirira ku Fomu 4, otsalawo sukulu yathera pomwepo. Ndipo ukagwa Chingerezi, ngakhale masamu utawakhoza chotani, malo sunkawaona.

M'kalasimo munali mtsikana wina wamtali, wofatsa, wa ku Chelstone komweko, amene ndinamuphunzitsanso mu Fomu 2. Bambo ake ndinkawadziwa bwino. Tinkapemphera mpingo umodzi, ndipo kwathu ku Katete midzi yathu ndi yoyandikana. Ankagwira ntchito yoyeza ndi kudula nsalu m'sitolo ina ku Kamwala. Lamulungu lina, Khirisimasi itangopita, anandiitanira pambali titatuluka m'tchalitchi, chipewa chili m'manja.

"Aphunzitsi, mwana wanu uja ali m'manja mwanu chaka chino," anatero. "Ine ndanena naye poyera. Akakhoza, ndidzadzimana, apitirize. Akalephera, m'tauni muno mulibe chomusungira. Apita kumudzi kwa azakhali ake akagwire khasu, ndipo kumeneko alipo kale munthu amene wayamba kufunsa za iye."

Sankaopseza ayi, ankangonena mmene zinthu zinalili. M'nyumba mwawo munali ana ambiri ndipo wolandira malipiro anali mmodzi. Mtsikanayo masamu ndi sayansi ankangozitafuna. Chingerezi choyankhula analinso nacho bwino, mawu ake omveka, osanjenjemera. Vuto linali kulemba. Ukamupatsa mutu woti alembe chimangirizo, ankalemba mizere yochepa n'kuima, cholembera chili mkamwa. Sanali wopusa, kungoti panalibe amene anamuonetsapo mmene nkhani imayambira, mmene imayendera, ndi pomwe imathera. Pa mayeso a Chingerezi malikisi ambiri anali pa chimangirizo ndi pa kufupikitsa nkhani. Ndinkadziwa kuti atamalemba sabata iliyonse kwa miyezi ingapo, mwanayo awoloka. Anzake ambiri m'kalasimo anali ndi vuto lomwelo, koma uyu ndi amene ndinkadziwa chimene chikumudikira.

Ndinapita kumsonkhano wa sikimu ndili ndi zimenezi m'mutu. Tinakhala m'chipinda cha aphunzitsi, mvula ikugwa pamalata, tikumwa tiyi wopanda shuga poti shuga anali atasowa m'masitolo. Ine ndimati tikakambirana. Mkulu wathuyo analowa ndi sikimu yotha kale, atailemba patchuthi kunyumba kwake, n'kuiyala patebulo ngati akutsatsa chitenje. Kunena zoona inali yokongola. Teremu iliyonse inali ndi mtundu wake wa inki. Masabata onse a chaka anali odzaza thothotho, popanda ndi imodzi yomwe yopumira.

Anatifotokozera m'Chingerezi cha m'mphuno chija kuti chilankhulo chimamangidwa ngati nyumba, ndipo anatero aphunzitsi ake ku Ingalande. Teremu yoyamba ndi maziko: malamulo a chilankhulo, nthawi za aneni, zizindikiro za m'kalembedwe. Teremu yachiwiri ndi makoma: kuwerenga ndi kumvetsa nkhani, komanso katchulidwe ka mawu, kuti ana asiye Chingerezi cha ku Kamwala. Teremu yachitatu ndi denga: chimangirizo ndi kufupikitsa nkhani. Atamaliza anatiyang'ana mmodzimmodzi, kudikira kuti timuombere m'manja.

Ndinakweza dzanja, poti ndi mmene ankafunira ngakhale kwa ife akuluakulu anzake.

"Bwana, dengalo mwaliika mu Seputembala ndi Okutobala. Miyezi imeneyo ana sakhala m'kalasi. Bwanji chimangirizo tiyambe nacho panopa, mvula ikadali kugwa? Malamulo a chilankhulo tiziwaphunzitsa pokonza zimene anawo alemba. Ndiponso tisiyeko masabata ena opanda kanthu, kuti zimene zatipita tizidzabwezera mmenemo."

"Opanda kanthu?" anatero. "Sikimu yopita kwa insipekitala ikhale ndi mabokosi opanda kanthu? Bokosi lopanda kanthu limafuna chifukwa. Mulembamo chifukwa chanji, mayi?"

"Tilembemo zoona. Msewu."

Mphunzitsi wina wachikulire wa ku Luapula anadzuka n'kukakankha chitseko chimene chinali chotseka kale. Pakona panakhala mnzathu wina amene analinso mlembi wa nthambi ya chipani m'dera lathu. Ameneyo anaika kapu yake pansi pang'onopang'ono n'kuyamba kundiyang'anitsitsa. Enawo anangoti maso gwa m'makapu mwawo. Amuna akuluakulu, a ndevu zawo, omwe panja ankatukwana msewu umenewo tsiku ndi tsiku, apa anangolimbikira kumwa tiyi.

Mkuluyo anavula magalasi. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni ku Ingalande ndinamumva akuyankhula Chinyanja, ndipo chinatuluka chosalala bwinobwino, cha kwathu chenicheni. Mantha anamukumbutsa.

"Iwe mwana, ufuna kutiphetsa? Tsiku lolandira alendo a dziko si tsiku lotayika. Ukasiya mpata ndiye kuti ukunena kuti chipani chikuba nthawi ya ana. Ukachotsa chimangirizo mu Okutobala, akufunsa kuti Okutobala walakwa chiyani. Sikimu iyi ilibe mpata chifukwa chaka chathu chilibe vuto. Wamva?"

Kenako anavalanso magalasi, Chingerezi n'kubwerera, n'kufunsa ngati pali ndemanga ina. Panalibe. Sikimuyo inatayipidwa pa sitensulo n'kupukusidwa pamakina, aliyense n'kulandira fayilo yake ikununkha inki. Insipekitala atabwera kuchokera kumaofesi a ku Longacres, anaiyang'ana, anaisisita, anaimenya chidindo pachikuto, n'kupempha zina zoti akagawire sukulu zina. M'kalasi mwanga sanapondemo. Anadya mabisiketi muofesi n'kumapita.

Ine sindinagonje msanga. Sabata ya zizindikiro za m'kalembedwe ndinauza ana kuti alembe za msika wa kwawo, n'kumawaonetsa popumira ndi pomalizira chiganizo m'nkhani zawo zomwe. Zinkayenda. Mtsikana wamtali uja anafika theka la tsamba, nkhani ya mayi wogulitsa tinsomba ta kapenta amene ankakangana ndi wogula aliyense. Ndinaseka ndekha pochonga. Koma mkulu wathuyo anali ndi chizolowezi chotolera makope a ana mwadzidzidzi kuti aone ngati za m'kope zikufanana ndi za mu sikimu. Anapeza chimangirizo mu Febuluwale. Mukanamuona, munthu akanati wapeza njoka m'kabati. Ananditengera kwa ahedi atanyamula kopelo m'mwamba, ndipo ahediwo, munthu wotopa amene ankangodikira zopuma pantchito, anandipempha kuti chonde ndizitsata pepala. Kuyambira pamenepo makope a kalasi yanga ankatoleredwa Lachisanu lililonse.

Kuphunzitsa masana sikunali kotheka. Ana ankakhala kumunda wa sukulu, poti masiku amenewo sukulu iliyonse inkayenera kulima, ndipo akaweruka atsikana ankathamangira pamzere wa ufa kapena wa mafuta ophikira. Ndiye ndinapangana ndi mtsikanayo kuti azilemba kunyumba papepala lapadera n'kumandipatsa Lamulungu kutchalitchi. Ndinkachonga nditakhala pabenchi panja, iye ataima pambali akuluma chala cha m'manja podikira. Theka la tsamba linasanduka tsamba. Kwa miyezi ingapo zinkaoneka kuti tiwoloka.

M'kalasimo tinali titafika pa makoma, ndipo tinkakhalira kukhotetsa milomo. Sikimu inalamula kuti mwana aliyense abwere ndi kagalasi kuti aziona lilime lake potchula mawu, ana ochokera m'nyumba zoti galasi ndi limodzi, la bambo lometera ndevu. Mayeso onse anali olemba, panalibe amene akanadzamvetsera lilime la mwana. Koma bokosi linati katchulidwe, ndiye tinkatchula.

Chimene chinatisokoneza kwenikweni ndi msinkhu wa mwanayo. M'teremu yachiwiri yomweyo kunabwera akuluakulu a chipani kudzafuna mtsikana wamtali, wa nkhope yabwino, wa mawu omveka, woti azikapereka maluwa kwa alendo pabwalo la ndege penipeni ndi kuwalandira ndi mawu ochepa a Chingerezi. Mkulu wathuyo, amene mpaka tsikulo sankadziwa n'komwe kuti mwanayo alipo, anamuloza yekha n'kunena kuti ndi chipatso cha sikimu yake. Mawu olandirira alendowo analemba yekha. Anthu anapempha ochepa, iye analemba tsamba lathunthu, lodzaza mawu ataliatali amene ngakhale ine ndinachita kukawafufuza m'dikishonale: za mbandakucha wa ufulu, za ubale wosatha wa mayiko, za mitima yathu yosefukira. Ndiye ankamuitanitsa mwanayo muofesi mwake kuti akaloweze, ndipo nthawi imene ankasankha inali ya phunziro langa, ati poti zonsezo ndi Chingerezi chomwe. Ankamuphunzitsa popumira, pomwetulira, popinda bondo, ndi kagwedezedwe ka dzanja alendo akamachoka. Tanthauzo la mawuwo sanamuuze.

Mwanayo anachita bwino, nanga akanalephera bwanji. Chithunzi chake chinatuluka m'nyuzipepala, maluwa ali m'manja, mlendo atawerama kumumvetsera. Bambo ake anachidula n'kumayenda nacho m'thumba la jekete, akuonetsa aliyense ku Kamwala ndi kutchalitchi kuti mwana wawo akuyankhula Chizungu ndi akuluakulu a dziko. Ndinayesa kuwauza kuti kuloweza ndi kwina, kulemba ndi kwina. Anangoseka n'kunena kuti ndine wodzichepetsa. Kuyambira pamenepo mlendo aliyense anali wake. Ankangosintha dzina la dziko m'mawu aja, zina zonse momwemo. Mapepala a Lamulungu anayamba kubwera mwa apo ndi apo, kenako anasiyiratu. Ndikamufunsa ankayankha m'Chinyanja chake cha m'tauni, "Madamu, nimafika ku nyumba nalema maningi, mawa futi ba chipani azabwela kunitenga." Ndipo sankanama, ankatopadi kwambiri.

Patchuthi cha Ogasiti ndinaganiza zokamupempha mkuluyo kunyumba kwake. Ndimati mwina kutali ndi makutu a mlembi wa nthambi uja, munthuyo angamve zonena. Ndinakwera basi ya ku Woodlands Loweruka masana n'kuyenda pansi m'misewu yamitengo ija, agalu akundiuwa kuseri kwa mipanda. Wantchito ananditsegulira khomo la kukhitchini. Mkuluyo ndinamupeza patebulo lodyera, atavala kabudula, wopanda tayi. Pambali pake panakhala mwana wake wamkazi, amene nayenso anali mu Fomu 3 kusukulu yolipira ija, ndipo ankalemba. Patebulopo panali makope angapo, limodzi lili lotsegula: chimangirizo cha masamba awiri, chochongedwa ndi inki yake yofiira, ndemanga m'mphepete, zanzeru ndithu. Ndinatembenuza masamba osapempha. Ntchitoyo inayambira mu Januwale.

"Bwana, kodi kuno nyumba mumayamba ndi denga?"

Manyazi sanachite, ndikuuzeni. Anauza mwanayo kuti apite kaye panja, n'kundiyankha ngati ndafunsa zachibwana.

"Kuno ndi kunyumba, mayi, kulibe insipekitala. Mwana sangadziwe kulemba ngati salemba sabata iliyonse. Zimenezo mphunzitsi aliyense amazidziwa."

Ndiye kuti ankadziwa. Miyezi yonseyo ine ndinkamuyesa chitsiru chokonda mizere, ndipo chitsiru umatha kuchimverako chisoni. Uyu sanali chitsiru. Ankadziwa bwinobwino chimene mwana amafunikira kuti akhoze, ankachipereka patebulo lake Loweruka lililonse, n'kumabwera kusukulu kudzasecha makope a ana a eni kuti aone ngati ndawapatsako mobisa. Ndinanyansidwa naye kuyambira tsiku limenelo, ndipo mpaka lero sizinathe. Ndinamupemphabe kuti mtsikana wamtali uja amumasule, asankhe wina wa Fomu 2 amene alibe mayeso. Anati akuluakulu amuzolowera, kusintha kungafune kufotokoza, ndipo kufotokoza kungafune chifukwa. Chifukwa chomwe chija chosalembeka. Ndinatulukira kukhitchini komwe ndinalowera.

Teremu yachitatu inafika, nthawi ya denga lija. Sabata yoyamba ndinaphunzitsa mmene chimangirizo chimayambira. Ndisanafike pakati, malole anayamba kubwera. Masiku ena ndinkalowa m'kalasi n'kupeza ana owerengeka, otsimphina ndi odwala chifuwa, amene kusitediyamu anawakana. Mtsikana wamtali uja anamuika kutsogolo kwa gulu loguba, ndodo yonyezimira ili m'manja. Ndinkamuona Lamulungu lokha, atada ndi dzuwa, akusinza pa ulaliki. Kufupikitsa nkhani sitinakukhudze n'komwe.

Lachisanu lililonse tinkapereka mafayilo a sikimu kwa mkuluyo titachonga timabokosi tija. Anzanga ankachonga ali chiimire, osawerenga n'komwe mzerewo. Ine m'kabokosimo ndinkalemba timalemba ting'onoting'ono kuti sitinaphunzire, ana anali kumsewu, kapena kusitediyamu. Lolemba fayilo inkabwerera ili ndi tsamba latsopano, lopukusidwa kumene, timabokosi tonse titachongedwa ndi inki yofiira. Mkuluyo sanandikalipire, sananditchulire n'komwe. Sitensulo anaisunga, mapepala analipo, ndipo kuchonga munthuyo ankakukonda. Pofika Novembala fayilo yanga inkanena kuti kalasi yanga yaphunzira chimangirizo cha mitundu yonse, yabwereza, ndipo yayesedwa.

Chikondwerero chitatha anatibwezera ana ali otheratu, mayeso ali pakhomo, mphunzitsi aliyense akuwalimbirana. Ndinachita zimene ndikanatha, koma dzanja silizolowera kulemba m'masiku ochepa.

Tsiku la pepala la Chingerezi ndinadikira panja pa holo, pansi pa mtengo wa mango. Ana anatuluka ena akukanda mitu, ena ali duu. Mtsikana wamtali uja anatuluka akumwetulira n'kundithamangira.

"Madamu, Mulungu ni wabwino. Funso imodzi inali ya mlendo."

Ndinatenga pepala la mafunso m'manja mwake. Mutu umodzi unali woti alembe za tsiku limene kunyumba kwawo kunabwera mlendo wosayembekezeka. Mutu wosavuta, woti mwana amene analemba za mayi wa kapenta uja akanauseweretsa: azakhali atsika basi ndi nkhuku, amayi athamanga kukabwereka mpando, basi nkhani yatha.

"Ndiye walemba chiyani, mwana wanga?"

"Zonse zija za ku eyapoti. Sininaiwale olo liwu limodzi. Nalemba peji yonse."

"Nanga kufupikitsa nkhani?"

"Ija sininaimvetse, nasiya. Koma ya mlendo ija, ba bwana anakamba kuti ni Chizungu chapamwamba."

Anali atalemba mbandakucha wa ufulu ndi mitima yosefukira, liwu ndi liwu, kwa wochonga amene anafunsa za mlendo wa pakhomo. Nanga akanaganiza bwanji zina? Chaka chonse Chingerezi chimene akuluakulu anamuombera nacho m'manja chinali chimenecho. Ndinamuuza kuti apite akawerenge za pepala la mawa. Ine ndinalowa m'kalasi mopanda anthu n'kukhala padesiki ya mwana.

Januwale wotsatira tinakhalanso pamsonkhano wa sikimu. Inali yomwe ija, anangosintha chaka pamwamba. Zotsatira za mayeso zinatuluka ana atatsegulira kale. Masamu mtsikanayo anakhoza bwino kwambiri, sayansi chimodzimodzi, Chingerezi anagwa. Pa osankhidwa kupita ku Fomu 4 dzina lake panalibe.

Bambo ake anapempha chilolezo kusitolo n'kubwera kusukulu atavala jekete la kutchalitchi. Anayamba kupeza ine, koma anati akufuna akamve kwa mkulu. Ndinawaperekeza kuofesi. Mpando anaukana. Anatulutsa chithunzi cha m'nyuzipepala chija, chitayamba kung'ambika mopindidwa, n'kuchiyala padesiki.

"Bwana, ine sukulu sindinapite nayo patali, mundikhululukire. Ndingofuna kumvetsa. Mwana uyu apa akuyankhula Chizungu ndi mlendo wa dziko, munamusankha ndinu. Zatheka bwanji kuti Chizungu chomwecho chimugwetse?"

Mkuluyo anatsegula kabati, anatulutsa fayilo ya kalasi yanga, n'kuitembenuzira kwa bambowo. Anayamba kutsegula masamba pang'onopang'ono, chala chikutsika pa timabokosi tofiira. Anayankhula m'Chingerezi n'kundiuza ine kuti ndimasulire. Ati sukulu inachita mbali yake yonse. Ati onani, chimangirizo chinaphunzitsidwa apa, apa, ndi apa. Ati ana ena akangotuluka m'nyuzipepala amayamba kudzimva, mabuku n'kuwataya.

Sindinamasulire. Ndinawauza bambowo m'chilankhulo chathu, mkuluyo akumva, kuti limenelo ndi bodza, kuti inki yofiirayo si yanga, kuti mwana wawo chaka chonse anachithera pamsewu, pabwalo la ndege ndi kusitediyamu, ndipo kulemba sanaphunzitsidwe. Mkuluyo anangomwetulira n'kuloza chidindo cha insipekitala pachikuto. Kenako anamasulira yekha mawu ake aja, m'Chinyanja chosalala chija, kuti bambowo asaphonye ndi limodzi lomwe.

Bambowo anayang'ana tayi, anayang'ana chidindo, n'kuyang'ana ine, kamtsikana ka m'mudzi woyandikana nawo kamene anakaona kakukula. Anapinda chithunzi chija n'kuchibwezera m'thumba.

"Zikomo bwana, ndamva. Pepani ndakutayitsani nthawi."

Panja anandiuza mofatsa kuti ndisamuikire kumbuyo mwanayo. Anati akudziwa kuti ndimamukonda, koma pepala la boma silinganame mabokosi onsewo. Ndinawatsatira mpaka pachipata ndikuyankhulabe. Anavala chipewa n'kukakwera basi. Kutchalitchi ndinayesanso, kunyumba kwawo ndinapitako, koma ndinapeza nkhani itatha kale, uthenga utapita kwa azakhali. Mwanayo anali atauzidwa kuti wachititsa manyazi bambo ake chifukwa chodzimva, ndipo kuchipinda sanatuluke. Mkulu wathuyo ndiye zinamuyendera. Chaka chisanathe anamukweza kukakhala insipekitala ku Longacres, ndipo sikimu yake inafika m'sukulu zambiri.

Mtsikanayo ndinamuonanso kamodzi kokha, patapita masabata ochepa bambo ake atabwera kusukulu. Linali tsiku la mlendo wina, sindikumbuka wa dziko liti, ndipo tinaima m'mbali mwa msewu ndi Fomu 3 yatsopano, timbendera tili m'manja. Msewu umenewo ndi womwewo wopita kwathu kum'mawa, ndipo pa masiku otere apolisi ankaimitsa magalimoto onse pambali kuti alendo adutse. Pafupi ndi pamene ndinaima anaimitsa basi ya ku Chipata, katundu atasanjikizana pamwamba. Pawindo panali iye, atavala duku, kachikwama kali pamiyendo. Anandiona. Ndinati ndiyandikire, wapolisi n'kundibweza kuti ndikhale pamzere ndi ana anga. Tinangoyang'anana, basi ikupsa padzuwa, ndege ikuchedwa mwa nthawi zonse. Malinga ndi sikimu, nthawi imeneyo tinali m'kalasi tikuphunzira nthawi za aneni.

Kenako njinga zamoto za apolisi zinamveka, ana anga anayamba nyimbo, magalimoto akuda n'kutulukira. Anthu a m'basimo anangokhala, ena akudya chimanga, ena akugona. Iye yekha anawongoka pampando, anamwetulira monga anamuphunzitsira muofesi muja, n'kutulutsa dzanja pawindo kuwagwedezera mpaka galimoto yomaliza itadutsa. Apolisi anatsegula msewu, basi inaliza injini n'kulowera kum'mawa. Lachisanu lake, kabokosi ka nthawi za aneni kanachongedwa ndi inki yofiira.